Zilema zimene sizichoka zokha: mmene tinsalu ta polima timadzikonzera mizere

Tayang'anitsitsani kunsonga kwa chala chanu pamalo owala bwino. Mizere ya pakhungupo imayenda moyandikana, yotalikirana mofanana, koma siwongoka mpaka kumapeto. Pena mzere umathera panjira, anzake awiri a m'mbali n'kukumana kutsogolo kwake. Pena mizere ingapo imakhota n'kubwerera kumene yachokera, ngati chingwe chopindidwa pakati. Ndiye chakumunsi pang'ono, cham'mbali, anthu ambiri ali ndi malo amene mizere yochokera mbali zitatu imakumana n'kusiya kampata ka makona atatu. Zinthu zitatu zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa nkhani yonseyi ikuzungulira pa izo.

Chithunzi chomwechi chimaoneka pamene wasayansi wayala kansalu kopyapyala ka pulasitiki wa mtundu wina pa silikoni (chinthu chimene amapangira matchipi a kompyuta), n'kukatenthetsa, n'kukaika pansi pa maikulosikopu yamphamvu. Akatswiri enieniwo amachitcha chithunzi cha zidindo za zala. Kusiyana kwake n'kukula basi. Pachala, mzere ndi mnzake zimatalikirana pafupifupi theka la milimita. Pa kansaluka zimatalikirana nanomita 30 kapena chapompo, kutanthauza kuti n'zochepa kuposa za pachala maulendo opitirira 10,000. Nanomita ndi gawo limodzi la magawo miliyoni a milimita. Palibe dzanja limene lajambula mizereyo. Yadzipanga yokha.

Polima ndi molekyu yaitali ngati unyolo, yopangidwa ndi timfundo tofanana tambirimbiri tolumikizana. Polystyrene, imene amapangira makapu opepuka aja, ndi unyolo wa timfundo ta mtundu umodzi. PMMA, imene amapangira magalasi a pulasitiki, ndi unyolo wa timfundo ta mtundu wina. Awiriwa sagwirizana kwenikweni: mukawasungunula pamodzi amapatukana monga mafuta ndi madzi, aliyense kupita kwa anzake. Tsono akatswiri a zamankhwala anapeza njira yomangirira unyolo wa mtundu woyamba kumapeto kwa unyolo wa mtundu wachiwiri, kuti ukhale unyolo umodzi wa zigawo ziwiri. Umenewu ndiwo amautcha block copolymer. Zigawo ziwirizo zimafunabe kuthawana, koma zamangidwa pamchira. Kumene zingathawire n'kufupi, utali wa unyolo womwewo. Choncho m'malo mopatukana kukhala madamu awiri aakulu, zimapanga timadera tating'onoting'ono tosinthanasinthana: kano ka polystyrene, kenako ka PMMA, kenako ka polystyrene, mpaka kansalu konse kudzaza.

Kuti kupatukanaku kuchitike pamafunika zinthu ziwiri zochulukitsana. Choyamba ndi kukula kwa chidani cha timfundo ta mitundu iwiriyo, chimene amachilemba ndi chilembo cha Chigiriki χ, chochokera m'ntchito ya Paul Flory ndi Maurice Huggins. Chachiwiri ndi chiwerengero cha timfundo mu unyolo, N. Mu 1980 Ludwik Leibler anawerengera kuti ngati zigawo ziwirizo n'zofanana utali, mizere imayamba kuoneka χN ikapitirira pafupifupi 10.5. Pansi pa nambalayi kutentha kumapambana, zonse zimasakanikirana. Maonekedwe a timaderato amadalira kuti chigawo chiti n'chachitali. Zikafanana, pamabadwa timapepala tosanjikizana. Chimodzi chikafupikirapo, chimadzipanga timachubu tomira mwa chinzake. Chikafupika kwambiri chimangokhala timipira. Pakati pa timapepala ndi timachubu pali maonekedwe ena opotanapotana otchedwa gyroid, amene Alan Schoen anawafotokoza m'masamu mu 1970, anthu asanawazindikire m'mapolimawa mu 1994, koma amenewo tiwasiye. Mtunda wa pakati pa mizere umakula unyolo ukatalika, ngakhale sukula mofanana nawo: pamene chidani chili chachikulu, unyolo ukatalika kasanu n'katatu, mtundawo umakula kanayi.

Kapangidwe ka kansaluka n'kosavuta kukaona ndi maso. Polima amaisungunula m'mankhwala amadzimadzi monga toluene, pang'ono chabe, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100. Amadontheza madziwo pa chimbale cha silikoni, makina n'kuchizunguza maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi. Madzi amamwazikira m'mbali, otsala n'kuuma m'masekondi ochepa, ndipo pamene akuuma mumaona mitundu ikusinthasintha pamwamba pa silikoniyo ngati utawaleza wa mafuta pamadzi, mpaka itakhazikika. Chotsala ndi kansalu kokhuthala nanomita makumi angapo. Panthawiyi maunyolo auma ali pomwe anali, osakanikirana. Polystyrene imakhala youma ngati galasi mpaka cha m'madigiri 100, PMMA kupitirirako pang'ono, motero kuti ziyambe kuyenda amaziika pa chitsulo chotentha madigiri pakati pa 170 ndi 250, m'malo opanda mpweya wa okosijeni kuti zisapse. Apa m'pamene mizere imabadwa.

Koma kansalu kopyapyala kali ndi nkhope ziwiri, yapansi yokhudza silikoni ndi yapamwamba yokhudza mpweya, ndipo nkhope iliyonse ili ndi amene imamukonda. Silikoni wamba amakoka PMMA. Zikatero timapepala timagona chafufumimba, kena pamwamba pa kanzake, ndipo mukayang'ana kuchokera pamwamba simuona mzere ndi umodzi womwe. Ngati kukhuthala kwa kansalu sikukwanirana ndi chiwerengero chathunthu cha zigawo, pamwamba pamatuluka tizilumba ndi timaenje. Mu 1997 gulu limene munali Paul Mansky, Thomas Russell ndi Craig Hawker linasonyeza njira yothetsera zimenezi: kuyamba kumata pa silikoni kaubweya ka maunyolo amene timfundo ta mitundu iwiri ija tasakanizidwa mwachisawawa. Pansi potero sipakondera mbali, ndipo timapepala timaimirira. Kuchokera pamwamba, m'mphepete mwa timapepala toimirirato ndimo timaona ngati mizere.

Chifukwa chimene anthu amavutikira ndi zonsezi n'chakuti PMMA ingachotsedwe, ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV pamodzi ndi asidi, kapena ndi plasma (mpweya wodzazidwa ndi mphamvu ya magetsi), polystyrene n'kutsala yokha ngati chikombole. Kudzera m'mipata yotsalayo angathe kusema silikoni wapansi. Chaka chomwecho cha 1997, gulu la ku yunivesite ya Princeton linaboola mwa njira yonga iyi, koma ndi polima ya mtundu wina, timabowo pafupifupi 100 biliyoni pa sentimita imodzi ya sikweya. Opanga matchipi a kompyuta, amene amawononga ndalama zosaneneka kujambula mizere yaing'ono ndi kuwala, anamva nkhaniyi n'kutchera khutu. Chimene chinawaimitsa ndi chithunzi cha chala chija. Waya wa mu tchipi sangathere panjira kapena kukhota kumene wafuna.

Zilemazo zimachokera kuti? Kansalu kakatentha, mizere siyambira pakona imodzi n'kufalikira. Imayamba paliponse nthawi imodzi, ndipo dera lililonse limasankha lokha kolowera, poti palibe chimene chikuuza mizere kuti kumpoto n'kuti. Maderawo akakula amakumana. Pokumanapo mizere ya uku yaloza kwina, ya uko kwina, ndipo iyenera kulumikizana mwanjira ina iliyonse. Zilema zimabadwira pamsoko pamenepo.

Cha mtundu woyamba ndi mzere wothera panjira uja, umene amautcha dislocation. Njira yochizindikirira ndi kuwerenga. Jambulani bwalo lozungulira malo amene mukuwakayikira, muwerenge mizere imene yalowa mbali ina ndi imene yatuluka mbali inayo. Ikalowa khumi n'kutuluka isanu n'inayi, m'katimo muli chilema, ngakhale musanachione. Ndipo bwalolo mungalikulitse motani, kusiyana kwa mzere umodziko sikutha.

Cha mtundu wachiwiri, disclination, chimakhudza kumene mizere yaloza. Tengani kamtengo ka machesi, muzikayendetsa mozungulira malowo, nthawi zonse kakhale kogona motsata mzere umene kali pamwamba pake. Pamalo abwinobwino, mukamaliza kuzungulira kamtengoko kamabwerera mmene kanalili. Koma mukazungulira pamene mizere yapindika n'kubwerera, mupeza kuti mutu wa machesi uja waloza kumene kunali mchira: katembenuka theka la bwalo, motsata mbali imene inu munazungulira. Chimenecho amachipatsa nambala +1/2. Mukazungulira kampata ka makona atatu kaja, katembenukanso theka la bwalo, koma mobwerera m'mbuyo, ndiye nambala yake ndi −1/2. Bwererani ku chala chanu tsopano. Chala chimene chili ndi mpindo umodzi chili ndi kampata ka makona atatu kamodzi. Chimene mizere yake yazungulira bwalo lathunthu, lomwe ndi mipindo iwiri yoyang'anizana, chili ndi timipata tiwiri. Chimene mizere yake yangokwera n'kutsika chilibe n'kamodzi komwe. Lionel Penrose analemba za lamulo limeneli la mizere ya m'manja mu 1965. Ndi masamu omwewo amene akulamulira kansalu ka polima.

Pano ndipo pagona nkhani, ndipo ndimaona kuti ambiri amene amamva liwu loti chilema amalimva molakwika. Amaganiza za fumbi logwera pa kansalu, chinthu choti ukasamala bwino sichingakhalepo. Fumbi liliko, ndipo limabweretsa mavuto ake. Koma zilema tikunenazi zimabadwa ngakhale m'chipinda choyera kotheratu, ndipo zikabadwa zimakhala ngati mfundo ya pa chingwe chimene nsonga zake zonse zamangiriridwa kutali. Mfundoyo mungaisunthe kupita uku kapena uko, koma simungaimasule pamalo pomwepo. Nambala ya +1/2 ija imaonekera ngakhale pa bwalo lakutali kwambiri, choncho kukonza mizere ya pafupi pokha sikungaifafanize. Ili ndi njira ziwiri zokha zochokera: kukafika m'mphepete mwa kansalu n'kutuluka, kapena kukumana ndi −1/2 kuti ziwirizo zithetsane. Dislocation nayo imafuna inzake imene mzere wake wowonjezera ukuchokera mbali yosiyana. Pa chinthu chobulungira ngati mpira, zilema sizingathe n'komwe: mizere yokuta mpira wonse iyenera kukhala ndi nambala zophatikiza kukwana 2, monga ma +1/2 anayi.

Timipira kapena timachubu toimirira timadzisanja mwa mtundu wina, ngati zisa za njuchi, kalikonse kali ndi anansi asanu ndi mmodzi. Chilema pamenepa ndi kampira kamene kali ndi anansi asanu, kapena asanu ndi awiri. Ka asanu ndi ka asanu n'awiri tikakhala moyandikana timapanga dislocation, ndipo malire a pakati pa madera awiri amakhala mndandanda wa timagulu totere. Mpira wamiyendo wosokedwa mwachikale uja uli ndi zigamba 12 za makona asanu pakati pa 20 za makona asanu ndi limodzi pa chifukwa chomwechi. Popanda 12 zimenezo sungabulungike. Ofufuza amajambula kansalu, kompyuta n'kuwerenga anansi a kampira kalikonse ndi kupaka utoto wosiyana pa ta asanu ndi ta asanu n'awiri, malire a madera n'kuonekera ngati mikanda.

Zilema zimayenda, ndipo kayendedwe kake n'kosiyana ndi ka m'zitsulo. Dislocation ingayende motsata mizere: nsonga ya mzere wowonjezera uja imafupika kapena kutalika. Zimenezi zimangofuna kuti maunyolo aserereke m'mbali motsata malire a timadera, chigawo chilichonse chili m'dera la anzake. Ingayendenso modutsa mizere, kulumpha kuchoka pa mzere uno kupita pa wotsatira. Apa mzere umodzi uyenera kuduka n'kulumikizana ndi wina, ndipo kuti zitero zigawo za PMMA ziyenera kudutsa pakati pa polystyrene, m'dera la adani. Mtengo wa ulendowu umakwera msanga χN ikakwera. M'chitsulo kuserereka modutsa n'kumene kuli kosavuta, n'chifukwa chake waya wa kopa amapindika m'manja. M'mizere ya polima n'kumene kuli kovuta. Mu 1998 gulu la Steven Sibener ndi Heinrich Jaeger ku yunivesite ya Chicago linayamba kutsatira zilema chimodzichimodzi ndi maikulosikopu ya AFM, imene imapapasa pamwamba ndi kasingano: kutenthetsa pang'ono, kuziziritsa, kujambula malo omwewo, kutenthetsanso.

Ntchito imene ndimaikonda kwambiri pa nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Science mu 2000, yochokera kwa Christopher Harrison ndi anzake ku Princeton, kuphatikizapo Richard Register, David Huse ndi Paul Chaikin. Anagwiritsa ntchito kansalu ka timachubu togona, tosasanjikizana m'kukhuthala kwake, n'kufunsa funso losavuta: madera a mizere yowongoka amakula mofulumira bwanji? Yankho linali lakuti kukula kwawo kumatsata nthawi pa mphamvu ya 1/4. M'mawu wamba, kuti dera likule kawiri muyenera kudikira nthawi yochuluka ka 16. Kuti likule ka 10, nthawi yochuluka ka 10,000. Tiyerekeze kuti mwatenthetsa ola limodzi n'kupeza madera a maikulomita imodzi (gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita). Kuti afike maikulomita 10 mudzadikira maola 10,000, omwe ndi kupitirira chaka. Ndipo maikulomita 10 sinafike n'kukhuthala kwa tsitsi limodzi, pamene chimbale cha silikoni cha m'fakitale ndi mamilimita 300 m'mimba mwake.

Anaonanso chifukwa chake, ndipo n'chokongola. Munthu angayembekezere kuti +1/2 ndi −1/2 zingokokana n'kuthetsana. Koma pakati pa ziwirizo pamakhala mizere ingapo yotsekeredwa, yopindika mozungulira +1/2 uja, ndipo mizereyo singangosowa. Zilema ziwirizo zikasendererana ndi sitepe imodzi, mzere wina uyenera kuduka, zidutswa zake n'kukhala ma dislocation amene ayenera kupita kwina. Ndipotu +1/2 ndi −1/2 zikagundana kwenikweni, chotsala ndi dislocation. Choncho awiri okha sakwanitsa. Pamafunika disclination yachitatu yoti imeze zotayidwazo, kapena gulu lina la awiri loyang'ana mosiyana, kuti anayiwo athetsane pamodzi. Harrison ndi anzake anaona kuti misonkhano ya atatu ndi anayi imeneyi ndi imene imayendetsa kuwongoka kwa kansalu konse. Zilema zikamachepa zimatalikirana, mphamvu yokokana imafooka, mizere yotsekeredwa pakati imachuluka, ndipo msonkhano wotsatira umachedwa kuposa wapitawo. Patapita zaka zochepa gulu lomwelo linapezanso 1/4 yemweyo pa tinsalu ta timipira.

Pali mbali ina imene ndingoitchula mwachidule. Kansalu ka timipira kakatentha kwambiri, zilema zimayamba kubadwa zokha chifukwa cha kutenthako, ziwiriziwiri, kenako n'kumasukana. Kosterlitz, Thouless, Halperin, Nelson ndi Young anali atalosera m'zaka za m'ma 1970 kuti chinthu chosanjika chopyapyala chingasungunuke m'masitepe awiri mwa njirayi, ndipo Rachel Segalman ndi Edward Kramer ku Santa Barbara anaona sitepe yapakatiyo mu timipira ta polima cha m'ma 2003. Tinsaluti tathandiza sayansi ya fizikisi ngakhale pamene sitinathandize fakitale.

Popeza kudikira sikungathandize, anthu anaganiza zouza mizere kolowera isanabadwe. Njira ina ndi kukumba timigula tosaya pa silikoni. Mu 2001 Segalman ndi Kramer anasonyeza kuti timipira timayamba kusanjika m'mphepete mwa khoma la kamgula, dongosolo n'kufalikira m'kati. Khomalo limapereka mbali yoloza, komanso ndi malo amene chilema chingatulukire. Njira yachiwiri sikumba kanthu: imajambula pansi mizere ya mankhwala imene chigawo chimodzi chimaikonda. Mu 2003 gulu la Paul Nealey ndi Juan de Pablo ku yunivesite ya Wisconsin linasonyeza mu Nature kuti timapepala timatsata mizere yotereyi bwinobwino ngati mtunda wake ukugwirizana ndi mtunda umene polima imaufuna yokha. Wina angafunse kuti phindu lili pati ngati uyenera kuyamba wajambula mzere uliwonse. Yankho linabwera cha m'ma 2008, pamene magulu angapo anasonyeza kuti ungajambule zolozera zotalikirana, polima n'kudzaza yokha mipata. Ku imec, malo ofufuzira za matchipi ku Leuven m'dziko la Belgium, anayendetsa njirayi pa zimbale za mamilimita 300: zolozera zotalikirana nanomita 84, polima n'kupanga mizere yotalikirana nanomita 28, itatu pa cholozera chilichonse. Polima imasalazanso zolakwika zing'onozing'ono za cholozeracho, chifukwa mtunda wa mizere yake umachokera ku utali wa unyolo, osati ku kuwala.

Tsono tamvani muyeso umene opanga matchipi anaika: chilema chosapitirira chimodzi pa masentimita a sikweya 100. Chimbale cha mamilimita 300 chili ndi masentimita a sikweya pafupifupi 700, ndiye kuti zilema zisanu n'ziwiri pa chimbale chonse. Pa sentimita imodzi yokha pamadutsa mizere yoposa 350,000. Zithunzi zokongola za m'magazini zimaonetsa malo a maikulomita ochepa, ndipo malo otere angaoneke angwiro pamene chimbale chonse chili ndi zilema masauzande.

Apa panatuluka chododometsa. Owerengera pa kompyuta anapeza kuti pa pansi polozeredwa bwino, gulu limodzi la ma dislocation awiri limadya mphamvu yochuluka maulendo mazanamazana kuposa mphamvu imene kutentha kumapereka kwa molekyu imodzi. Mwa malamulo a fizikisi, chinthu chodula chotero sichiyenera kupezeka n'kamodzi komwe m'kansalu kamene kafika pokhazikika, ngakhale kansaluko katakula motani. Koma zilema zinkapezeka. Tanthauzo lake n'limodzi: tinsaluto sitinafike pokhazikika. Polima ikufunadi mizere yangwiro, koma chilema chili ngati mwala umene wakodwa m'kadzenje pakati pa phiri. Kumunsi n'kumene ukufuna kupita, koma uyenera kuyamba wakwera mlomo wa kadzenjeko. Kwa ine mfundo imeneyi inasintha funso lonse. Kulimbikira kupanga cholozera champhamvu kumangokulitsa kutsetsereka kwa phiri. Chofunika kudziwa ndi kutalika kwa mlomo wa kadzenje, ndi njira imene mwala ungatulukire.

Njirayo anaitsata mu 2015 Su-Mi Hur, de Pablo, Nealey, Marcus Müller ndi anzawo, powerengera kayendedwe ka maunyolo pa kompyuta. Anapeza kuti mizere iwiri yoduka silumikizana nthawi imodzi m'kukhuthala konse kwa kansalu. Maunyolo ochepa amayamba kudutsa dera la adani n'kupanga kamlatho kowonda cha pansi, pafupi ndi cholozera. Kumanga kamlathoko ndiko kukwera mlomo wa kadzenje kuja. Kakangokhazikika, kamakula kukwera m'mwamba, mzere n'kulumikizana, zotsala n'kutsetsereka zokha. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Weihua Li ndi Müller a ku Göttingen, pamodzi ndi Nealey ndi de Pablo, anali atasonyeza kuti mlomowo umafupika χN ikatsika kuyandikira pamene mizere imasungunukira, ndipo pa zilema zina umatheratu mizere isanasungunuke. Pali kampata pamene chilema sichingathenso kuima koma mizere yabwino ikadalipo. Kansalu kayenera kudutsa m'kampatako, kukhalamo nthawi yokwanira, ndiye n'kuzizira.

Njira zambiri zimene zili m'malabotale ndi kuyesa kufika m'kampata kameneka. Ena amaika kansalu mu nthunzi ya mankhwala osungunula. Nthunziyo imalowa, kansalu n'kufufuma, maunyolo n'kumasuka ngakhale popanda moto, ndipo mankhwalawo amaima pakati pa zigawo ziwiri n'kuchepetsa chidani chawo. Vuto limakhala pouma, chifukwa kansalu kakafota mofulumira mizere imapotoka. Ena amayendetsa kamzere kotentha pang'onopang'ono kudutsa kansalu, kuti dongosolo libadwire kumbuyo kwa kamzereko motsatira limene labadwa kale, m'malo mobadwa paliponse. Pawel Majewski ndi Kevin Yager ku labotale ya Brookhaven ku America anachita zimenezi ndi kuwala kwa laser mu 2015, n'kupeza m'masekondi dongosolo limene ng'anjo wamba imalipereka patapita maola ambiri. Ena amakhuhula pamwamba ndi kansalu ka labala kuti mizere igone motsata kukokako, ena amagwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi. Pa polystyrene ndi PMMA, χ sisintha kwambiri ndi kutentha, choncho moto umathandiza makamaka pofulumizitsa maunyolo, ndipo malire ake ndi pamene polima iyamba kuwonongeka.

Chovuta chachikulu chili kutsogolo. Kuti mizere ichepe, unyolo uyenera kufupika, N n'kutsika. Koma χN iyenera kukhalabe pamwamba pa 10.5, ndipo χ ya polystyrene ndi PMMA ndi yaing'ono, motero awiriwa amalephera mtunda wa mizere ukatsika kufika cha m'ma nanomita 20. Kupitirira apo pamafunika zigawo zodana kwambiri, monga polystyrene ndi PDMS, polima yokhala ndi silikoni m'kati mwake. Chidani chachikulucho chimabwera ndi katundu wake. Zigawo zosiyana kwambiri sizikondedwa mofanana ndi mpweya, chimodzi chimathamangira pamwamba n'kukuta zonse, timapepala n'kugonanso. Mwayi wa polystyrene ndi PMMA unali woti pa kutentha kumene amazitenthetsera, mpweya suzisiyanitsa kwenikweni. Mu 2012 gulu la Grant Willson ndi Christopher Ellison ku yunivesite ya Texas ku Austin linapanga chovindikira chapamwamba chosakondera mbali, chochita pamwamba zimene kaubweya ka Mansky kanachita pansi. Komanso χ ikakula kaŵirikaŵiri imasintha kwambiri ndi kutentha, ndipo kusiyana pang'ono kwa utali wa unyolo kumasuntha χN patali, choncho kampata kaja kamavuta kukalunjika: kuphonya mbali ina mizere imasungunuka, kuphonya mbali inayo zilema zimauma pomwe zili.

Ngakhale kuwerenga zilemazo ndi ntchito payokha. Maikulosikopu ya ma elekitironi imaona bwino koma malo ochepa nthawi imodzi. Makina a kuwala amene amayendera chimbale chonse amathamanga, koma chilema cha nanomita 20 chili m'malire a zimene angathe kuona. Ndipo onsewa amayang'ana kuchokera pamwamba. Popeza kamlatho kamayambira pansi, n'zothekanso kuti pansi pakhale kamlatho kolakwika, kolumikiza mizere iwiri yoyandikana imene siyenera kukhudzana, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Kotereka kamadziwika pokhapokha PMMA itachotsedwa ndipo silikoni atasemedwa, pamene kampata kamene kanayenera kutseguka kapezeka kotseka. N'chifukwa chake ofufuza amawombanso ma X-ray mopendekera kwambiri pa kansalu kuti adziwe za m'kati mwake, ndipo ena amadula kachidutswa n'kukajambula kuchokera mbali zambiri, kompyuta n'kumanganso maonekedwe a timapepalato kuyambira pa cholozera mpaka pamwamba, nanomita ndi nanomita.